Kuchititsa lendi chipinda pakhomo panu: pakamwa, pepala lolemba nokha, fomu kapena loya?

Mwana wanu wakwatira ndipo chipinda chake changokhala, kapena kuseri kuli kanyumba ka zipinda ziwiri kamene mumangosungiramo matumba. Mwaganiza zoikamo munthu wa lendi kuti ya ufa ndi fizi izipezeka. Ku Ndirande, Chilomoni, Kawale, Area 25, Chibavi ndi Chikanda mabanja ambiri akudalira ndalama yotereyi. Koma kuchititsa lendi chipinda pakhomo pamene inuyo mukukhala n'kosiyana ndi kuchititsa lendi nyumba yonse imene ili kutali. Munthuyu muzikumana naye pampopi m'mawa uliwonse, muzidikirana pabafa, ndipo mayunitsi a ESCOM akatha mdima uzikugwerani nonse. Walira mvula walira matope.

Pa zaka zimene ndakhala ndi alendi pakhomo, sindinakanganepo ndi munthu pa mtengo wa lendi. Mtengo aliyense amaukumbukira. Mikangano imabuka pa zinthu zogawana: wagula mayunitsi ndani, chimbudzi akolopa ndani, mlendo amene anabwera kudzagona masiku awiri bwanji watha miyezi iwiri. Choncho poyerekeza njira zopanganirana, funso langa lalikulu n'lakuti: njira imeneyi ikugwira tinthu ta tsiku ndi tsiku timeneti, kapena ikungokongola pamaso?

Zoyezera

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi: mtengo wake, kupezeka kwake, ntchito yoisamalira pangano likayamba kuyenda, ndi zoopsa zake. Koma tisanafike kumeneko, pali mafunso amene pangano lililonse, lapakamwa kaya lolembedwa, liyenera kuyankha.

Loyamba, akukhalamo ndani ndipo ndi angati. Lembani dzina monga lilili pa chiphaso cha unzika, chija boma linayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017, komanso nambala ya wachibale woti n'kumuimbira munthuyo akadwala usiku. Kenako lendi: zingati, tsiku liti, kudzera kuti. Ngati ndi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, yotapira aikepo ndani? Ikuoneka yochepa, koma mwezi ndi mwezi imadandaulitsa.

Pali chisokonezo china chimene ndachiona kawirikawiri. Munthu akulowa, wapereka ndalama ya miyezi itatu. Iye akuganiza kuti walipiriratu miyezi itatu. Mwini nyumba akuganiza kuti iwiri ndi lendi, wachitatu ndi dipoziti ya zowonongeka. Onse awiri sakunama, kungoti sanamvane. Dipoziti itchulidwe payokha, ndipo zinenedwe kuti idzabwezedwa patatha masiku angati munthu atatuluka.

Magetsi ndi madzi ndiye pachimake. Pakhomo pa mita imodzi, wina amangotchaja foni ndi kuyatsa babu, wina ali ndi hotplate, ayironi ndi filiji. Kugawana mayunitsi mofanana pamenepo n'kumudyera wopanda zipangizoyo. Njira zilipo zitatu: kuphatikiza magetsi mu lendi n'kuletsa zipangizo zodya magetsi ambiri, kugawana potengera mitu ya anthu ndi zipangizo zawo, kapena kuitana wamagetsi wodziwa ntchito kuti aike kamita kakang'ono kowerengera chipindacho, osakhudza mita ya ESCOM. Bilu ya madzi, kaya ndi ya Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena bodi ya m'chigawo chanu, imatsatira dzina limene lili pa akaunti, ndipo akabwera kudzadula madzi ngongoleyo ndi ya mwini akauntiyo, osati ya wa lendi amene anasamuka.

Kukweza lendi nakonso kukambidwe pa tsiku loyamba. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Eni nyumba amene sananenepo za kukweza anapezeka akulandira ndalama yosagula kanthu, ndipo ena anangokweza mwadzidzidzi pakati pa mwezi, alendi n'kulira. Kunena kuti lendi idzaunikidwa kamodzi pachaka, ndi chidziwitso cha mwezi umodzi kapena iwiri, kumateteza mbali zonse ziwiri.

Otsalawo ndi notisi yotulukira, zowonongeka akonza ndani, ndi malamulo a pakhomo: nthawi yotseka geti, alendo ogona, wailesi usiku, malo ophikira ndi mbaula, kusesa pabwalo, kutaya zinyalala kudzala.

Njira yoyamba: pangano lapakamwa pamaso pa mboni

Mtengo: palibe chimene mulipira, kupatula mwina kabuku kolembamo lendi.

Kupezeka: lero lomwe. Ndi mmene zipinda zambiri za m'midadada zimachitidwira lendi, ndipo n'zoona kuti ambiri amakhala zaka popanda vuto.

Kusamalira: apa ndi pamene anthu amanamizika. Pangano lapakamwa limafuna ntchito yambiri kuposa lolembedwa, chifukwa muyenera kumakumbutsana nthawi zonse, ndipo kukumbutsa munthu wamkulu za kukolopa chimbudzi kumamveka ngati kumunyoza. Likanakhala pepala, pepalalo likanakuyankhulirani. Ngati mwasankha njirayi, musasowe kabuku: tsiku, ndalama, mwezi umene walipirira, onse awiri n'kusaina. Mameseji a Mpamba kapena Airtel Money musamafufute.

Zoopsa: pangano lapakamwa ndi pangano ndithu, ngakhale pamaso pa malamulo. Vuto lake ndi umboni. Mboni imasamuka, imadwala, imaiwala, ndipo kawirikawiri imakhala m'bale wa mmodzi wa inu. Choopsa china sichikambidwa: mwini nyumba akamwalira, ana amene atsala sadziwa kuti munapangana zotani, dipoziti inalipo kapena ayi. Wa lendi wokhulupirika amathamangitsidwa pakhomo pamene wakhala zaka, wosakhulupirika amati analipiriratu chaka chonse, ndipo palibe womutsutsa.

Njirayi imapweteka kwambiri pakati pa achibale ndi a mpingo umodzi. Timati kulemberana ndi mwana wa achemwali n'kusowa ulemu. Koma lendi ikadumpha miyezi inayi, nkhani imafika kwa ankhoswe ndi kwa amalume, ndipo chibale chimawonongeka kuposa mmene pepala likanachiwonongera.

Njira yachiwiri: pepala lolemba nokha m'Chichewa

Apa ndikunena tsamba limodzi kapena awiri, olembedwa pamanja kapena pakompyuta, m'chiyankhulo chimene nonse awiri mumalankhula, n'kuwerengedwa mokweza musanasaine. Mboni ziwiri, wina wa mbali yanu, wina wa mbali yake. Wosatha kulemba adinde chala. Makope awiri, aliyense lake, ndipo mujambule pafoni kuti lina likanyowa ndi mvula chithunzi chikhalepo.

Mtengo: wa pepala ndi fotokope. M'madera amene mfumu kapena block leader amalemekezedwa, ena amakaonetsa pepalalo kuti aikepo chidindo, ndipo pamakhala kangachepe kothokoza. Chidindocho sichisandutsa pepala kukhala chigamulo cha khoti, koma mkangano ukabuka mfumuyo imakhala ikuidziwa kale nkhani, komanso ikudziwa kuti m'dera mwake mwalowa munthu watsopano.

Kupezeka: madzulo amodzi. Chofunika n'kukhala pansi ndi mtima wodekha, munthuyo asanalowetse katundu. Bedi ndi matiresi zikalowa, mphamvu yanu yokambirana yatha theka.

Kusamalira: ndi pepala lamoyo. Lendi ikakwera, lembani kuseri kwake, tsiku, n'kusaina nonse. Wagula filiji, onjezerani mzere wa magetsi. Wakwatira ndipo tsopano ali awiri, mukhalenso pansi. Langizo langa n'lakuti mapepala akhale awiri osiyana: loyamba la ndalama, nthawi ndi notisi, lachiwiri la malamulo a pakhomo. Loyambalo silisinthasintha. Lachiwirilo limasintha ndi nyengo, ndipo ngati muli ndi alendi angapo likhale limodzi kwa onse, lomatidwa pamene aliyense akuona, kuti wina asamati mumakondera. Loyambalo linene kuti malamulo a pakhomo ndi mbali ya pangano.

Mawu ake akhale oti n'kuwayeza. "Azisamala magetsi" sizitanthauza kanthu. "Hotplate ndi chotenthetsera madzi siziloledwa, kuphika ndi pambaula kukhonde lakuseri" aliyense akumva. "Alendo asachuluke" ndi poyambira mkangano. "Mlendo wogona kupitirira masiku 3 auzidwe kwa mwini nyumba, akapitirira milungu 2 awonjezere ya madzi" ndi lamulo. Tiyerekeze lendi ndi K60,000: lembani kuti ilipidwe pofika pa 5 mwezi uliwonse, ndipo munene chimene chidzachitike ikadumpha miyezi iwiri.

Ndinaphunzira izi kwa mtsikana wina wogwira ntchito yausiku amene anakhala nafe. Tinalemba kuti geti limatsekedwa 9 koloko, osaganiza kuti iye amaweruka mochedwa. Sabata yoyamba anaima panja mumdima akuopa kugogoda, ndipo zinandipweteka nditamva. Tinamudulitsira kiyi wake, n'kulemba kuti akautaya agula loko wina. Lamulo limene munthu sangathe kulisunga silithandiza aliyense, ndipo mumalizindikira pokhapokha mukamufunsa mmene tsiku lake limayendera musanalembe.

Mwini nyumba nayenso alembe zake. Simudzalowa m'chipinda mwake iye kulibe, kupatula pangozi monga moto kapena paipi yophulika. Denga likadontha mudzakonza pasanathe masiku akutiakuti. Pepala limene lili ndi "usachite, usachite" yekhayekha munthu amalisaina ndi dzanja, mtima uli kwina.

Zoopsa: mukhoza kuiwala mfundo yofunika, kapena kulemba chinthu chimene malamulo sangachivomereze. Chofala kwambiri ndi ichi: "akalephera kulipira ndidzamutulutsira katundu panja" kapena "ndidzagwira wailesi yake." Kulemba zimenezi sikukupatsani chilolezo chozichita. Kuchotsa chitseko, kusasula malata, kukhoma loko wachiwiri munthu ali kuntchito, zonsezi timaziona m'makwalala mwathu, ndipo zikhoza kukutembenukirani inuyo n'kukhala woyankha mlandu. Apolisi kawirikawiri amakuuzani kuti ngongole ya lendi si nkhani yawo. Njira yake ndi notisi yolembedwa, kukambirana kwa mfumu, ndipo zikakanika kukasuma kukhoti la majisitireti. Kumeneko pepala lanu la Chichewa lija, pamodzi ndi kabuku ka lendi, ndi umboni wamphamvu.

Njira yachitatu: fomu yokonzedwa kale

Awa ndi mapangano a Chingerezi opezeka pa intaneti, m'malo otayipira makalata, kapena kwa ma agent a nyumba. Mumangodzaza dzina, ndalama ndi tsiku.

Mtengo: wotsika mukatenga nokha. Ikabwera ndi agent, iye amafuna yake chifukwa chokupezerani munthu, ndipo mufunse poyamba kuti ndi zingati komanso alipira ndani, inu kapena wolowayo.

Kupezeka: m'tauni n'kosavuta.

Kusamalira: fomu siisinthika mosavuta, ndipo anthu amaopa kuigwira chifukwa imaoneka ya boma. Imangosungidwa m'sutikesi mpaka tsiku la mkangano.

Zoopsa: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafomu ambiri a pa intaneti analembedwera ku Britain, America kapena South Africa, ndipo amatchula malamulo ndi maofesi amene kuno kulibe. Ngakhale a kuno, ambiri analembedwera nyumba yonse yoima payokha, ya mita yakeyake. Amakamba za kupenta makoma ndi kudula kapinga, koma za bafa logawana, za mayunitsi, za mlendo wogona, zii. Komanso ngati mmodzi wa inu sakumva bwino Chingerezi cha maloya, wasaina chinthu chimene sakuchidziwa, ndipo tsiku la mkangano adzanena zomwezo. Fomu ndimaiona yothandiza pa chinthu chimodzi: kuiwerenga ngati chokumbutsa mitu imene mukanaiwala, kenako n'kulemba zanu.

Njira yachinayi: pangano lolembedwa ndi loya

Mtengo: wokwera kuposa njira zonse, ndipo pa chipinda chimodzi cha m'dera la anthu wamba ukhoza kudya lendi ya miyezi ingapo. Funsani mtengo musanayambe. Ubwino wake ngwakuti mumalipira kamodzi, pepalalo n'kumaligwiritsa ntchito kwa alendi onse obwera pambuyo.

Kupezeka: maloya achuluka ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, m'maboma ena muyenera kuyenda. Onetsetsani kuti ndi loya wa chiphaso chogwirira ntchito, zimene Malawi Law Society ingakutsimikizireni. Legal Aid Bureau ilipo yothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo wa lendi wanu nayenso akhoza kupita komweko mukamulakwira.

Kusamalira: kusintha mfundo yaikulu kumafuna kubwereranso kwa loyayo. Malamulo a pakhomo mudzalembabe nokha, chifukwa loya sadziwa kuti mpopi wanu umatuluka madzi usiku wokha. Mupempheni aike mzere wolozera ku pepala limenelo, ndipo akufotokozereni mfundo iliyonse m'Chichewa.

Zoopsa: n'zochepa kumbali ya malamulo. Loya amadziwa kusiyanitsa munthu amene mwamupatsa kanyumba kakekake ka kiyi wake ndi munthu amene akukhala m'nyumba mwanu mwenimweni, kudyera pabalaza lanu. Ufulu wa anthu awiriwa sufanana, ngakhale njira yowatulutsira. Adzakukumbutsaninso za msonkho: ndalama ya lendi MRA imaiwerengera, ndipo kampani kapena bungwe likamalipirira wantchito wake limadula msonkho lisanakupatseni, choncho lidzafuna pangano lolembedwa bwino ndi nambala yanu ya msonkho, ija amati TPIN. Choopsa chenicheni n'kuganiza kuti pepala la loya lidzatolera lendi. Munthu wopanda ndalama alibe ndalama, ngakhale atasaina masamba khumi, ndipo mlandu kukhoti umatenga nthawi. Kufufuza munthu asanalowe, kufunsa kumene akuchokera ndi chimene akuchokerako, palibe pepala lingalowe m'malo mwake.

Chinthu chimodzi chikukhudza njira zonse zinayi. Ngati nyumbayo si yanu, inunso mukuchita lendi, kaya kwa munthu, kwa abwana a kuntchito kapena ku Malawi Housing Corporation, werengani pangano lanu musanaikemo wina. Mapangano ambiri amaletsa kuchititsanso lendi popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo akadziwa mumatuluka nonse, inu ndi wa lendi wanuyo.

Ndiye iti ikuyenera ndani?

Muli ndi chipinda chimodzi kapena ziwiri, mukukhala pompo, mita ya magetsi ndi mpopi n'zogawana: lembani nokha m'Chichewa, mapepala awiri aja, mboni ziwiri ndi kabuku ka lendi. Anthu ambiri owerenga pano ali m'gulu limeneli, ndipo sindikuona chifukwa cholipirira zoposa apa.

Wolowayo ndi m'bale wanu kapena wa mpingo wanu: njira yomweyo, osati yapakamwa. Ngati pepala likukuchititsani manyazi, nenani kuti n'la ana, kuti adzadziwe zoona inu mutachoka, ndipo zimenezo n'zoona. Mboni ikhale munthu amene nonse mumamulemekeza. Pakamwa pokha ndingavomere ngati munthu akukhala mwezi umodzi kapena iwiri, walipiriratu, ndipo tsiku lotuluka mwatumizirana pa WhatsApp kuti lioneke.

Mukusunga ana asukulu, monga ku Chikanda pafupi ndi University of Malawi, ku Luwinga pafupi ndi Mzuni, kapena m'madera oyandikana ndi MUBAS ku Blantyre: lembani nokha, koma aliyense asaine pepala lake ngakhale akugona anayi chipinda chimodzi, kuti wina akathawa anzake asasenze ngongole yake. Lendi muiwerengere pa semesita, ndipo munene poyera za tchuthi: akasiya katundu m'chipinda alipira yonse, theka, kapena ayi? Nanga sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi? Kholo kapena womulipirira asainenso, ndi nambala yake ya foni.

Muli ku Joni kapena kwina kunja, pakhomo pali amayi anu okalamba ndipo zipinda zili pa lendi: pepala litchule dzina la munthu mmodzi yekha wololedwa kulandira ndalama ndi kupereka notisi, ndipo lendi izilowa ku akaunti imene inu mukuiona. Apa kulipira loya kamodzi n'koyenera, chifukwa simudzakhalapo kuti mufotokoze zimene munkatanthauza.

Kanyumba kakuseri n'kabwino, ka mita yakeyake, lendi yake ndi yokwera, kapena akulipira ndi bungwe: pitani kwa loya. Chimodzimodzi ngati wolowayo akufuna kumangapo kapena kukonza ndi ndalama zake kuti muzidula pa lendi, kapena kutsegulapo saluni kaya kagolosale. Ngati zipinda zapitirira zisanu, loya alembe pangano limodzi la onse, inu mulembe malamulo a pakhomo, ndipo muwawerenge pamodzi ndi aliyense wolowa asanalandire kiyi.